Sitima Sidikira Munthu

Mafunso anga ndinawakonza ndili pa ntchito, simbi ili m'manja. Ndimasita zovala za anthu pa shopu yochapira, ndipo ubwino wa ntchito imeneyi ndi woti manja amagwira okha, mutu n'kumayenda kwina. Masiku amenewo mutu wanga unali pa nyanja yamchere imene ndinali ndisanaionepo.

Wamtali, chibwenzi changa, ndi amene anaumirira kuti ndipite nawo. Amayi ake anali atangopuma pa ntchito, ndipo anafuna kukondwerera pa sitima zikuluzikulu zija zonyamula anthu okacheza, zomwe munthu amagona momwemo, kudya momwemo, n'kumatsika pa madoko kukaona malo. Poyamba amayiwo anakana kuti ine ndikhalepo. Kenako anasintha mwadzidzidzi.

"Abwere," anatero. "Munthu umamudziwa bwino pamene alibe kothawira."

Wamtali anandiuza mawu amenewa akuseka, ngati ndi uthenga wabwino.

Tsiku lokambirana za ulendo ndinapeza pa balaza pawo pali kale mlendo: mwana wa mnzawo wa amayi, mtsikana amene banja lonse linkamusungira Wamtali kuyambira ali ana. Magalasi akuda sankachoka pamutu pake ngakhale m'nyumba, choncho mumtima ndinkamutcha Wamagalasi. Nayenso amapita, ndipo anali atakwerapo kale sitima zoterezi.

"Funsani, achemwali," anandiuza, akundisunthira mbale ya mabisiketi. "Safunsa anadya phula."

Ndinayang'ana kapeti. "Kodi imagwedezeka kwambiri?"

"Kwa munthu wozolowera kuimirira m'basi, ndi masewera."

"Nanga munthu akayamba mseru amatani?"

"Amakasanzira kutali ndi ife," amayi anayankha, osachotsa maso pa tiyi wawo.

Wamtali anali pa mpando wapakona akusisita foni. Ndinadikira kuti akweze mutu. Sanakweze.

"Nanga zovala?" ndinafunsanso, mawu atachepa.

Apa Wamagalasi anasiya kuseka, n'kundiyandikira ngati mnzanga weniweni.

"Funso labwino limenelo. Tsiku lina madzulo pamakhala chakudya cha kaputeni. Aliyense amatchena, ojambula ali ponseponse. Diresi lamakwinya ndi manyazi a banja lonse. Ndiye musaiwale kasimbi kanu. Ine sindiyenda popanda."

Ndinamuthokoza, mpaka kumuperekeza ndi maso achikondi potuluka.

*

Pa doko panali mzere wautali wa anthu onunkhira bwino. Zikwama zinkadutsa m'makina ounika. Changa chitalowa, lamba anaima. Mlonda anachitsegula anthu akuona, n'kuvundukula zamkati zanga, mpaka anatulutsa simbi ndi chingwe chake chikulendewera ngati mchira wa khoswe.

"Ya ndani iyi?"

Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Mayi, simbi, ketulo, makandulo, chilichonse chotentha sichilowa m'sitima. Pa nyanja mdani wamkulu si madzi, ndi moto. Mudzaitenga pobwerera."

"Aa, achemwali," Wamagalasi anatero mokweza, "mwabwera ndi ofesi yonse?"

Anthu a pambuyo pathu anaseka.

"Koma munandiuza kuti..."

"Ine? Anti, munandimva ndikunena zimenezo?"

"Ine ndinangomva munthu akufunsa mafunso a mwana wa mkaka," amayi anatero. "Tiyeni. Iwe Wasimbi, tseka chikwamacho, anthu aona zokwanira."

Dzina linamera pomwepo. Wamtali ananditengera chikwama, n'kundinong'oneza kuti ndizisiye, amayi amangocheza. Dzanja lake linakhudza langa pa chogwirira, ndipo ndinazisiyadi.

*

Sitima isananyamuke pamalira belu, ndipo aliyense amayenera kupita kukaima pa boti lake lopulumukira, kuti adziwe kothawira zinthu zikavuta. Boti lako limalembedwa pa khadi la chipinda chako, khadi lomwelo lotsegulira chitseko ndi lotsikira pa madoko.

Ndinatsatira banjalo mpaka pa malo awo. Mnyamata wa yunifomu anayang'ana makhadi athu. Atatuwo anawalola. Langa analitembenuza.

"Inu si a pano. Chipinda chanu chili pansi, boti lanu lili mbali inayo."

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti iwo ali pamwamba, zipinda zogundizana zokhala ndi makonde oyang'ana nyanja, cha Wamagalasi chili khoma limodzi ndi cha Wamtali.

"Amayi, ndimayesa tonse tili malo amodzi," Wamtali anatero.

"Zipinda zinatha, mwanangu. Ndikanatani? Ndi bwinonso kudziwiratu. Sitima ikamamira, aliyense ndi boti lake."

Ndikuchoka ndinacheuka. Wamagalasi anali atakweza manja ngati mwana wovekedwa malaya, akuti zingwe za jekete yoyandamitsa zamusokoneza. Munthu woti anakwerapo kale sitima. Wamtali anawerama n'kuyamba kumumanga.

Mbali inayo ndinaima pakati pa anthu osawadziwa, ndipo zingwe ndinamanga ndekha, mopotoka.

*

Chipinda changa chinalibe windo. M'malo mwake munali katani, ndipo nditakoka ndinapeza khoma. Pansi pa bedi injini inkang'ung'udza osalekeza. M'mawa mwake m'mimba munali mutatembenuka, ndipo ndinagona chafufumimba ndikupempha kuti dziko liime.

Amene anandipeza ndi mayi wokonza zipinda, wamfupi, wa imvi zochepa pamphumi, matawulo ali pa phewa.

"Ayi, mwanangu, mumdima muno ndiye uferatu. Dzuka. Pita pamwamba, pakati pa sitima, osati kutsogolo. Uziyang'ana pamene madzi akumana ndi thambo. Idya buledi wouma pang'onopang'ono. M'mimba mopanda kanthu ndi mmene mseru umakonda."

Anandipukuta kumaso ndi tawulo lonyowa. Kuyambira pa doko paja, anali munthu woyamba kundigwira osayang'ana kaye amene akuona.

"Ndi ulendo wako woyamba, eti? Ndiye imva ichi, zina zonse uiwale. Mawa tiima pa chilumba. Nthawi ya kumeneko ili m'mbuyo ndi ola limodzi, koma sitima imayendera nthawi yake. Foni yako ikangonunkhiza mtunda, isintha yokha, n'kumakuuza kuti nthawi ilipo. Usaimvere. Vala wotchi ya mivi, uitchere ndi ya m'sitima. Akati faifi koloko, ndi faifi ya sitima."

"Nanga munthu akachedwa pang'ono?"

"Amatsala. Ndaonapo akuluakulu a mimba zawo akulira pa doko. Sitima sidikira munthu."

*

Masana amenewo Wamtali anandipeza kumbuyo kwa sitima, kumene madzi amasiya njira yoyera ngati nsalu yotambasula. Kunalibe anthu ambiri. Anabwera ndi apulo, n'kundidulira ndi mano ake chifukwa mpeni analibe.

"Wakwiya," anatero.

"Ayi."

"Iwe ukakwiya umapinda zinthu. Taona kapepala ako."

Ndinayang'ana m'manja. Kapepala kopukutira pakamwa ndinali nditakapinda ngati malaya a kasitomala.

"Dzulo amayi ako anandituma kukatenga shawelo yawo, anthu ali pa tebulo," ndinatero. "Nditabwera, anauza mayi wina kuti ndine mtsikana wowathandiza. Iwe unali pomwepo, ukudula nyama."



"Mawa madzulo," anatero kenako. "Pa chakudya cha kaputeni. Ndidzaimirira pa tebulo, amayi ali pomwepo, uja ali pomwepo, ndidzanena kuti ndikukwatira iwe. Pa gulu amayi sangakuwe. Amaopa manyazi kuposa imfa."

"Unanenanso choncho tsiku la kubadwa kwawo."

"Tsiku lija anadwala mutu."

"Mawanso adzadwala."

"Adwale. M'sitima muno muli dokotala." Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anandigwira chibwano. "Tamvera. Mawa ndikapanda kunena, usadzandikhulupirirenso. Ndalumbira."

Ndinkafuna kulira, ndiye ndinayamba kufunsa za ulendo.

"Potsika mawa titenge mapasipoti?"

"Ayi, khadi lokha likwana. Pasipoti imatsala, ingatayike. Yanga ili m'kabokosi kachitsulo ka m'chipinda, kokhoma ndi nambala. Nambalayo ngakhale amayi saidziwa. M'moyo wanga wonse ndi chinthu chokhacho chimene sachidziwa."

Pamenepo ndinaseka, ndipo anandipsompsona pamphumi, atayamba wayang'ana kumanzere ndi kumanja.

*

Chilumba chinatulukira m'mawa, chobiriwira, cha nyumba zoyera zokwera phiri. Pa kadzutsa amayi anagawa tsiku ngati akugawa nyama, chala chikuloza Wamagalasi, maso ali pa Wamtali.

"Mwana uyu akufuna kukaona mathithi kuseri kwa chilumba. Ndi mwana wa eni, sangapite yekha. Umuperekeze. Ine miyendo yanga siyingathe, ndingozungulira m'mashopu a pafupi. Wasimbi andigwirira zikwama."

"Tikanapita tonse, amayi," Wamtali anatero.

"Ndiye ine ndigwe ndekha mumsewu?"

Nkhani inathera pomwepo. Wamagalasi anawerama kufuna mafuta odzola m'chikwama chake. Chinali chachikulu kuposa cha munthu wokaona mathithi. Atachitsegula ndinaona mswachi, chingwe chotchajira foni, ndi mphonje ya kansalu kosalala kofiirira. Nsalu ndimazidziwa. Imeneyo inali ya chovala chogonera.

Ndinafuna kunena. Koma ndikananena chiyani, kwa yani? Kuti ndasuzumira m'chikwama cha mwini?

Pa makwerero otsikira ndinamukokera Wamtali pambali. Ndinavula kawotchi kanga ka pulasitiki n'kumumanga pa mkono. Lamba anafika pa bowo lomaliza.

"Usayang'ane foni. Nthawi ya pachilumba ili m'mbuyo ndi ola. Uziyang'ana iyi. Ikamati folo, uzikhala uli pa njira."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Sindikuseka."

"Ndikudziwa. Lero ndi lero. Ukonze diresi lija."

"Kawotchi kokongola," Wamagalasi anatero akutidutsa. "Anakupatsani ndi maswiti?"

Tsiku lonse ndinayenda pambuyo pa amayi, m'manja muli zipewa, mikanda ndi nsapato zoti sadzavala. Sanandilankhule kupatula "gwira" ndi "fulumira". Koma ndinaona chinthu chimodzi. Wotchi ya pa khoma la shopu itati hafu pasiti thuu, iwo anayang'ana ya pa mkono wawo n'kunena kuti tibwerere, nthawi yatha. Palibe amene anawaphunzitsa za nthawi ya sitima. Ankaidziwa bwinobwino.

*

Ndinaima pamwamba, pa chitsulo chotsamira, maso ali pa geti la doko. Anthu ankabwera awiriawiri, kenako mmodzimmodzi, kenako palibe. Zokuzira mawu zinaitana maina awiri, kuwapempha kuti aonekere ku ofesi ngati ali m'sitima. Zinaitananso. Ndinayesa foni yake, koma yanga pa nyanja inali chidole.

Amuna a pa doko anamasula zingwe. Makwerero anakokedwa. Hutala inalira mpaka m'mano.

Pakati pa sitima ndi doko patatseguka madzi aakulu ngati msewu, galimoto inatulukira pa geti. Wamtali anatsika isanaime bwino, n'kuthamanga. Anthu amene anali nane pamwamba anayamba kuimba m'manja ndi malikhweru, mafoni ali m'mwamba. Kwa iwo chinali chisangalalo cha tsikulo.

"Thamanga, wamtaliwe!" bambo wina anakuwa, botolo lili m'manja. "Sambira!"

Anafika pa mphepete n'kuima, manja ali kumutu. Ndinakweza dzanja, koma pa anthu onsewo akanandiona bwanji? Pambuyo pake Wamagalasi anatsika mwachifatse, n'kukonza chikwama chija pa phewa. Anatsitsa magalasi kuchoka pamutu n'kuvala m'maso. Aka kanali koyamba kumuona atawavala. Kenako anabayibitsa sitima.

*

Ku ofesi ya alendo ndinafika ndikupuma ngati galu. Amayi anali kale pomwepo, atakhala pa sofa, akupukuta magalasi awo owerengera.

"Bambo, imitsani sitima," ndinauza mkulu wa pa kauntala. "Ali pa doko. Ndawaona."

"Pepani, mayi, sitima ikachoka yachoka. Koma musade nkhawa. Pa doko lililonse tili ndi munthu wathu. Awapezera kogona, kenako akwera ndege kukatipeza pa doko lotsatira, mkuja. Mawa tili pa nyanja tsiku lonse."

"Kogona," ndinabwereza.

"Ndege akwera bwanji opanda mapasipoti?" ndinafunsa nditakumbuka. "Yake ili m'kabokosi, m'chipinda."

"Mwaganiza bwino. Munthu akachedwa, timalowa m'chipinda chake, kutsegula kabokosi, n'kusiya pasipoti kwa munthu wathu wa pa doko tisananyamuke. Tinalowa m'zipinda zonse ziwiri." Anamwetulira mondilimbitsa mtima. "Mabokosi onse tinawapeza opanda kanthu. Anatenga okha m'mawa. Anthu ochenjera."

Ndinagwira kauntala. Nambala ija inali yoti ngakhale amayi saidziwa.

"Wamva, eti?" amayi anatero akuimirira. "Ana ali bwino. Ndiye kulira kwa chiyani pa anthu? Pansi pali chipinda chochapira, simbi zololedwa zili kumeneko. Ukandisitire diresi langa la buluu. Kaputeni sadikira."

Ndinalisita. Sindinalitenthe, ngakhale ndinaima nthawi yaitali simbi ili m'mwamba. Ndikusita ndinkadziuza kuti mwina uja anamunyengerera kuti atenge pasipoti, kuti ku mathithi amafunsa. Mwina galimoto inawafera. Munthu amene wakonza zothawa sathamanga chonchija. Kenako ndinasita langa.

*

M'chipinda chodyera munali nyali ngati nyenyezi ndi anthu ovala zakuda ndi zonyezimira. Tebulo lathu linali la anthu anayi. Mipando iwiri inakhala yopanda anthu, mafoloko ali m'malo mwake. Amayi anadya bwino, mpaka kupempha msuzi wina.

"Ukuona mmene zinthu zimadzikonzera zokha?" anatero akupukuta milomo. "Ine sindinakuthamangitse. Sindinakutukwane. Ndakudyetsa, ndakuonetsa nyanja. Ukabwerera ukawauze anzako a ku shopu kuti unakwerapo sitima."

Ndinkapinda kansalu ka pa miyendo.

Kenako ndinamva kuimba. Operekera zakudya ankabwera pa mzere, akuomba m'manja, wa patsogolo atanyamula keke yoyera ya maluwa ofiira, pamwamba pake pali timitima tiwiri. Anadutsa matebulo onse n'kudzaima pa lathu. Anthu anatembenuza mipando. Wojambula anagwada.

Mkulu wa operekera zakudya anaona mipando iwiri ija, ndipo kumwetulira kwake kunagwedezeka.

"Pepani, amayi. Bambo a pa tebulo lino anaitanitsa keke iyi tsiku lonyamuka. Anati lero apempha mkazi pamaso pa anthu. Dzina sanatiuze." Anayang'ana amayi, anayang'ana ine. "Mwini wake ndi uti?"

Amayi sankadziwa za keke. Ndinaona pa khosi pawo, mmene mtsempha unadumphira. Koma anachira msanga.

"Mwini wake watsala pa chilumba ndi mwamuna wake," anatero mokoma, kuti matebulo oyandikana amve. "Ana a masiku ano, kuthamangira zinthu. Ingoidulani, mumupatseko mtsikana wangayu. Wagwira ntchito lero."

Anthu anaseka mwachifundo. Mpeni unayandikira keke.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinaimirira.

"Ndi yanga," ndinatero. "Kekeyo ndi yanga. Anandilonjeza ine."

Wojambula anatsitsa kamera. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona koyamba kuti ndili ndi nkhope. Kenako anatsegula kachikwama kawo ka m'manja, mosafulumira.

"Ngati ndi yako, tenga. Utengenso ndi aka."

Anaika chinthu pa nsalu yoyera n'kuchikankha ndi chala chimodzi mpaka chinagunda mbale yanga. Kanali kawotchi kanga ka pulasitiki, lamba atapindika pa bowo lomaliza.

"Anabwerera pa makwerero m'mawa, iwe uli kutsogolo ndi zikwama. Anati ndimusungire, kakumuthina."

Ndinakatola. Kanali kakuyendabe, mivi ili ndendende ndi wotchi yaikulu ya pa khoma la sitima.

"Khala pansi, Wasimbi," amayi anatero, akulandira mpeni kwa woperekera zakudya uja. "Mawa sitima siima paliponse. Tili awiri, ine ndi iwe."